Akukweza mapikapu kuthawa matope ku Dedza

Mvula ikamangirira mwezi wa February, misewu yafumbi yolowera m'midzi ya kwa Kamenyagwaza, Kasumbu ndi Kaphuka m'boma la Dedza imasanduka phala. Lole ikangodutsa kamodzi itasenza katundu, imasiya ngalande ziwiri zakuya ndi mtumbira pakati. Galimoto yobwera pambuyo pake imalowetsa matayala m'ngalandemo, mimba n'kukhala pamtumbira. Matayala amazungulira, matope amauluka, koma galimoto osasuntha.

Tsoka lake n'lakuti nyengo yomweyi ndiyo mbatatesi yoyamba yakumunda imayamba kukumbidwa. Mbewuyi imakhwima pakatha miyezi itatu kapena inayi, choncho yobzalidwa ndi mvula yoyamba mu November kapena December imafuna msika msewu utaipa kotheratu. Paja walira mvula walira matope. Mbatatesi yokumbidwa m'chinyontho siichedwa kuola, ndipo matimati ndiye salola n'komwe kugona panjira. Mlimi amene galimoto yalephera kufika kumunda kwake amagulitsa pamtengo wonenedwa ndi venda amene wakwanitsa kufika.

Boma la Dedza, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 830,000, ndi limodzi mwa maboma amene amadyetsa dziko lino mbatatesi. Tchipisi chambiri chokazingidwa m'ziwaya za mumzinda wa Lilongwe chimayambira ulendo wake m'mapiri ozizira a Bembeke ndi madera oyandikana nawo mpaka ku Lizulu. Msewu wa M1 ndi watala, koma munda suli pa M1. Makilomita ochepa ochoka kumunda kukafika patala ndiwo amadya galimoto, ndipo yosenza mtolowu kawirikawiri imakhala pikapu ya tani imodzi: Toyota Hilux, Nissan Hardbody, Isuzu KB kapena Ford Ranger yoti idatumikirapo kale mabwana angapo.

Pofuna kuthana ndi vutoli, ena mwa eni galimotozi amathamangira kwa amakaniko, kaya pa Dedza pomwepo kaya ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, ndi pempho limodzi lakuti galimoto ikwere. Njira zake ndi ziwiri ndipo nthawi zambiri zimayendera limodzi. Yoyamba ndi kuvula matayala amene galimoto idabwera nawo n'kuveka akuluakulu. Yachiwiri ndi kukweza kutsogolo ndi zipangizo zomwe ogulitsa amazitcha leveling kit, kuti mphuno ya galimoto ifanane msinkhu ndi kumbuyo komanso kuti matayala aakuluwo apeze malo okhotera.

Ikatuluka m'galaja, galimoto imaoneka yaukali ndithu, ndipo pamsika anthu amaicheukira. Koma kwa munthu amene galimotoyo ndiyo khasu lake, funso ndi lakuti: ndalama zalowazo zagula chiyani, nanga zataya chiyani?

Chimakhala pansi ndi difu

Munthu akawerama n'kusuzumira kunsi kwa pikapu, pakati pa matayala awiri akumbuyo amaona chitsulo chotupa ngati dzungu. Imeneyo ndiyo difu. Ndiyo imagawa mphamvu ya injini kumatayala, ndipo pa mapikapu ambiri ndiyo ili pafupi kwambiri ndi nthaka. Galimoto ikakakamira pamtumbira, chimene chagwira pansi nthawi zambiri ndi difuyo.

Apa ndi pamene anthu amasokonezekera. Difu yakumbuyo siinyamulidwa ndi masipuling'i ayi. Ili pachitsulo chomwecho chimene chagwira matayala. Munthu atha kuwonjezera masipuling'i, kutalikitsa zokolekera zake kapena kuika leveling kit, thupi la galimoto n'kukwera mpaka agogo kumachita kunyamulidwa pokwera, koma difu imakhala pomwe idali. Chokhacho chimene chimaikweza ndi tayala lalitali.

Ndipo tayalalo limaikweza pang'ono zedi. Manambala olembedwa m'mbali mwa tayala amanena zonse. Pa tayala la 265/70R16, nambala ya 265 ndi mulifupi mwake m'mamilimita, 70 akutanthauza kuti khoma la tayalalo ndi lotalika magawo 70 pa 100 a mulifupimo, pomwe 16 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Kuwerengera bwino, tayalali likaimirira limatalika mamilimita 777. Tayala la 205R16C, lomwe Hilux zambiri zantchito zimabwera nalo, limatalika pafupifupi mamilimita 734.

Kusiyana kwake ndi mamilimita 43. Koma poti chitsulo chogwira tayala chimakhala pakatikati pake, difu imakwera ndi theka chabe la kusiyanako: masentimita awiri ndi kadontho, kunenepa kwa chala chachikulu cha kudzanja. Wolimba mtima n'kuika 265/75R16 amapeza masentimita atatu ndi theka. Komanso tayala lotambalala chonchi silikhala bwino pa limu yopapatiza ya mainchesi 6; limafuna ya mainchesi 7 kapena kuposa apo, kutanthauza kuti ndalama ina yoti ilowe ndi ya malimu.

Masentimita awiri si achabe. Pali malo pomwe ndiwo amasiyanitsa galimoto yofika kumsika ndi yogona kuthengo anyamata akuikankha. Koma ngalande yokumbidwa ndi lole kapena thirakitala imazama kuposa pamenepo, ndipo mwini pikapu amene akuganiza kuti tsopano ali ndi thirakitala amakatitimira pamalo pomwe kale akadaopa n'kubwerera.

Chida chopangidwira galimoto yopanda katundu

Pikapu yatsopano ikaima pamalo osalala ilibe katundu, kumbuyo kumakhala kokwera kuposa kutsogolo. Si kulakwitsa kwa kufakitale. Adaipanga dala choncho kuti ikasenza katundu wake, kumbuyo kutsike, galimoto n'kukhala yowongoka.

Leveling kit ndi yotchuka kwambiri ku America, komwe galimoto za Ford F-Series zakhala zikutsogola pamalonda a mapikapu kuyambira 1977. Kumeneko anthu ambiri amagula pikapu ngati galimoto yopitira kuntchito ndi kokagula zinthu, kumbuyo kulibe kanthu sabata yonse. Kwa oterewa, kuwerama kwa mphuno ndi chilema chongoipitsa maonekedwe, choncho amakweza kutsogolo ndi masentimita apakati pa awiri ndi theka ndi asanu ndi awiri, kawirikawiri asanu.

Kachitidwe kake kamatengera mtundu wa galimoto. Pa Hilux zopangidwa kuyambira 2005, zomwe kutsogolo zili ndi masipuling'i opiringizika, amaika timbale tokhuthala tachitsulo kapena tapulasitiki yolimba pamwamba pa sipuling'i. Pa Hilux zambiri zakale, Hardbody ndi KB zakale, kutsogolo kumanyamulidwa ndi ndodo yachitsulo yotchedwa torsion bar. Pamenepa mmisiri safunanso kugula kalikonse. Amangomanga bawuti yake ndi sipanala, mphuno n'kukwera mwini galimoto akuona. Kuphweka kwakeko ndiko kumachititsa kuti ena amange mopyola muyeso.

Ubwino ulipo, sungakanidwe. Pa galimoto zoterezi, zitsulo zakunsi kwa injini zimakwera limodzi ndi thupi, choncho kutsogolo sikugunda msanga potsikira mumtsinje kapena pokwera gombe.

Komatu pikapu ya ku Dedza si ya ku Texas. Iyi imagona itapakira, imadzuka itapakira. Ngati yawongoledwa ilibe kanthu, matumba akakwera kumbuyo kumatsika monga mwa nthawi zonse, mphuno n'kuloza kumwamba ngati galu wonunkhiza mphepo. Nyali zakutsogolo zimasiya kuunika msewu n'kumathobwa m'maso madalaivala ochokera kutsogolo. Ogulitsa mbatatesi amanyamuka m'mbandakucha kuti akapeze msika wa Wakawaka usanadzaze, ndipo m'miyezi ya June ndi July nkhungu ya ku Dedza imaphimba msewu. Nyali yoloza m'mwamba mu nkhungu imangobweza kuwala m'maso mwa mwini wake, pomwe wanjinga ali m'mphepete mwa tala osaoneka.

Vuto lina limabwera mwakachetechete. Mwendo wakutsogolo wa galimoto udapangidwa kuti uzikwera ndi kutsika mlingo wakutiwakuti. Kuukankhira pansi ndi masentimita asanu ndi kudyeratu gawo la mpata umene tayala limatsikira likapeza dzenje. Zotsatira zake n'zakuti galimoto imauma, imagunda m'mabampu, ndipo tayala limodzi limalendewera msanga pamsewu wokumbika, pomwe limafunika kugwira nthaka. Ma ball joint amagwira ntchito atapendekeka. Pa galimoto ya 4x4, mipira yophimba ma CV joint imang'ambika msanga, matope n'kulowa mmalo mwa girizi. Ndipo galimoto ikapanda kupita pamakina a alayimenti itangokwezedwa, matayala atsopano aja amadyeka mbali imodzi mvula isanathe.

Injini yopuma movutikira

Pali chinthu china chimene mwini pikapu wa ku Salima kapena ku Nsanje sangachimve monga amachimvera wa ku Dedza. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050, pomwe Nyanja ya Malawi siifika n'komwe pa mamita 500.

Kumtunda mpweya umapepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi magawo atatu pa 100 pa mamita 300 alionse amene yakwera. Hilux zakale za dizilo za 2.4D, 2.8D ndi 3.0D zilibe turbo, kutanthauza kuti zikamafika pa Dedza zimakhala zitasiya kale panjira pafupifupi magawo 15 pa 100 a mphamvu zomwe zidalembedwa m'buku lake, osawerengera ukalamba.

Tsono pa injini yotereyi munthu akuikapo tayala lalitali. Aliyense amene adapalasapo njinga yokhala ndi magiya akudziwa kulemera kwa kunyamuka pachitunda giya ili yaikulu. Tayala lotalika ndi magawo asanu ndi limodzi pa 100 limachita chimodzimodzi kwa giya iliyonse: galimoto imayenda mtunda wotalikirapo tayala likazungulira kamodzi, koma mphamvu yokankhira pansi imachepa ndi mlingo womwewo. Giya yoyamba, yomwe kale inkanyamula matumba pachitunda popanda chovuta, imayamba kufuna thandizo. Dalaivala amaponda mafuta kwinaku atagwira kilatchi pakati, ndipo fungo lopsereza lomwe limamveka pambuyo pake ndi ndalama zikupsa.

Dizilo nayenso amapita. Tayala lalikulu ndi lolemera, lotambalala limakhuza kwambiri pansi, ndipo galimoto yokwera imalimbana ndi mphepo yambiri.

Chimene chimachitika pokwera chimachitikanso potsika, ndipo uku ndiko kuli imfa. Mabuleki amagwira pafupi ndi pakati pa tayala. Tayala likatalika, amafunika mphamvu yoposa kale kuti aimitse katundu yemweyo. Nayo injini imachepa mphamvu yobweza galimoto dalaivala akatsitsa giya. Amene adatsikapo msewu wa Khwekhwelere, wochoka pa Masasa kukafika ku Golomoti, akudziwa mmene umapindikira ngati njoka uku ukutsetsereka kuchoka kumapiri kukafika kuchigwa cha kunyanja. Pamsewu ngati umenewu mabuleki akatentha amaleka kugwira, ndipo galimoto yolemera ya matayala aakulu imawatenthetsa msanga.

Ngakhale muvi woonetsa liwiro umayamba kunama, poti umawerengera kuzungulira kwa tayala lakale. Ukamaloza 80, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi makilomita 85 pa ola, zomwe wapolisi wa kamera sangazimvere chisoni. Ulendo wa makilomita 85 wochoka pa Dedza kukafika ku Lilongwe umalembedwa ngati wa makilomita 80, choncho nthawi yosintha oyilo imapitirira mwini wake akuti idakalipo.

Makampani amene amagwira ntchitoyi mwaukadaulo amadziwa zonsezi. Kampani ya Arctic Trucks ya ku Iceland imaveka Hilux matayala a mainchesi 38 ngakhale 44 oyendera pachipale, koma siimangomanga mabawuti n'kutsazika. Imadula ndi kuumbanso malo okhala matayala, ndipo pa matayala aakulu chonchi imasintha magiya a m'difu kuti mphamvu ibwerere. Ntchito yoteroyo mtengo wake si wa mlimi wa mbatatesi.

Kumbuyo ndiko kuli nkhani

Mwini pikapu wa kuno akaona kumbuyo kukukhala pansi, mankhwala odziwika ndi kuwonjezera tsamba limodzi kapena awiri pa masipuling'i akumbuyo. Kunena zoona, kwa galimoto yogwira ntchito yonyamula, izi n'zomveka kuposa kukweza mphuno. Masipuling'i otopa amafunikadi kusinthidwa.

Msampha wake uli m'maso. Galimoto ikaleka kukhala pansi, mwini wake amaganiza kuti yawonjezera mphamvu, ndiye amawonjezera matumba. Pikapu ya tani imodzi imayenera kunyamula matumba pafupifupi 20 a makilogalamu 50, ndipo pamenepo dalaivala ndi anyamata okweza katundu sadawerengedwe. Matumba a mbatatesi a m'misika ya kuno, aja amasokerera chisoti pamwamba, amaposa makilogalamu 50 kutalitali. Kulemera konse kumene galimoto ikuloledwa kukhala nako kudalembedwa pakachitsulo kokhomedwa pathupi lake, ndipo palibe tsamba la sipuling'i limene limasintha nambala imeneyo. Mabering'i, zitsulo zozungulitsa matayala, mabuleki ndi tchesisi zimakhala zomwe zija. Kale sipuling'i ikafika pansi inkachenjeza kuti basi zakwana. Tsopano chenjezo limabwera tchesisi ikapindika kuseri kwa kanyumba ka dalaivala.

Pali kachida kena kamene amisiri ena amakaiwala. Mapikapu ambiri akale opanda ABS ali ndi kavavu kunsi, kolumikizidwa ndi kandodo kuchitsulo cha matayala akumbuyo. Ntchito yake ndi kuyeza katundu. Kumbuyo kukatsika, kamadziwa kuti galimoto yalemedwa ndipo kamatumiza mphamvu yambiri kumabuleki akumbuyo. Kukakwera, kamachepetsa kuti matayala asakwekwerezeke. Munthu akakweza kumbuyo osakonzanso kandodoko, kavavuko kamaganiza kuti galimoto ilibe kanthu ngakhale itasenza tani yathunthu. Ntchito yonse yoimitsa galimoto imatsalira mabuleki akutsogolo, dalaivala osadziwa.

Kenaka pali kugubuduzika. Akatswiri a nthambi yoona za chitetezo cha pamsewu ku America ya NHTSA amayeza chiopsezo cha kugubuduzika poyerekeza kutalikirana kwa matayala a kumanzere ndi kumanja ndi kutalika kwa pomwe pagona kulemera kwa galimoto. Kulemerako kukakwera m'mwamba, galimoto siichedwa kupendekeka. Mayi aliyense wosenza ndowa amazidziwa izi popanda sukulu. Tayala likweze masentimita awiri, masipuling'i akweze asanu, matumba aunjikidwe kupitirira denga, pamwamba pa matumbapo pakhale eni katundu atagwirira chingwe: imeneyo ndiyo matola ya tsiku la msika. Msewu wa m'mbali mwa phiri ukapendekeka pang'ono, tayala limodzi n'kulowa m'ngalande, oyamba kuponyedwa ndi anthu apamwambawo.

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la 2018 lidayerekeza kuti m'Malawi anthu pafupifupi 31 pa 100,000 alionse ankafa pangozi zapamsewu pachaka, chiwerengero chomwe chidali m'gulu la zokwera kwambiri padziko lapansi.

Tayala loyenera si lonenepa

Chodabwitsa n'chakuti tayala lotambalala, lomwe limakopa maso, silo limathandiza kwambiri m'matope a kumapiri. Kutambalala kumathandiza pamchenga, monga wa m'mbali mwa nyanja ku Mtakataka, pomwe galimoto imafunika kuyandama. Pa katondo wonyowa, woterera pamwamba koma wolimba pansi, tayala lopyapyala ndi lalitali limacheka matope n'kukaluma pouma. N'chifukwa chake Land Cruiser zantchito, zija amayendera a zaumoyo ndi a mabungwe m'midzi, zakhala zikubwera ndi matayala opyapyala a 7.50R16, otalika pafupifupi masentimita 80. Kuonjezera apo, tayala lopyapyala silikhula madigadi pokhota ngati lonenepa.

Chachiwiri ndi mano a tayala. Mapikapu ambiri onyamula mbewu amakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo difu wamba imatumiza mphamvu kutayala lomwe likuterera. Galimoto yotere imapindula kwambiri ndi matayala awiri akumbuyo a mano akuya ndi otalikirana, otha kulavula matope, kusiyana ndi matayala anayi akuluakulu osalala.

Chachitatu, chomwe ogula ambiri sachiyang'ana, ndi nambala ya katundu. Pambuyo pa kukula kwa tayala pamalembedwa nambala ina, monga 104, 110 kapena 112. Nambala ya 104 ikutanthauza kuti tayalalo limanyamula makilogalamu 900, ya 110 ndi makilogalamu 1,060, pomwe ya 112 ndi makilogalamu 1,120. Chilembo cha C kapena zilembo za LT zimasonyeza tayala la khoma lolimba lopangidwira galimoto zonyamula katundu. Tayala litha kukhala lalikulu koma la khoma lofewa, lopangidwira galimoto yonyamula banja patala, ndipo mwala wakuthwa wa m'phiri umalicheka ngati papaya.

Matayala amachokera kunja, ndipo mitengo yake idalumpha kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ambiri amathawira ku matayala ogwirapo kale ntchito. Apa wosafunsa amadya phula. Tayala lililonse lili ndi tsiku lobadwa: manambala anayi omalizira pamzere woyamba ndi zilembo za DOT. Akalemba 2319, ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mphira umakalamba ngakhale mano akadali akuya, ndipo makampani opanga matayala amalangiza kuti tayala lofika zaka khumi lichotsedwe, lioneke bwino chotani.

Mpweya nawo uli ndi nkhani yake. Madalaivala odziwa amaphwetsako matayala pang'ono akafika poterera kuti agwire bwino, ndipo zimathandizadi. Cholakwika ndi kulowa pa M1 osapopanso. Tayala lochepa mpweya, lolemedwa, lothamanga patala, limatentha mpaka chikopa chake kusendeka. Mu August 2000 kampani ya Firestone idaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku America atapezeka kuti ankasendeka galimoto ikuthamanga, makamaka pa Ford Explorer zomwe zinkagubuduzika zikatero. Anthu oposa 200 adafa pangozi zokhudzana ndi matayalawo, ndipo kutentha ndi kuchepa kwa mpweya zidali zina mwa zomwe zidatchulidwa pakafukufuku wake.

Ndipo wogula matayala aakulu agule asanu, osati anayi. Sipeya yaing'ono pakati pa matayala aakulu imavutitsa difu, ndipo pa galimoto ya 4x4 itha kuononga magiya. Ena amazindikira ali kale kuthengo kuti tayala lalikulu silikwana pamalo a sipeya kunsi kwa galimoto, kapena kuti jeke yakale siifikanso.

Lamulo ndi thumba

Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale yoyenera kutero, ndipo chiphaso cha COF chimene nthambi ya Road Traffic imapereka ndicho umboni wake. Oyeza amayang'ana mabuleki, nyali, chiwongolero ndi matayala, zomwe ndi zinthu zomwezo zimene kukweza galimoto kumakhudza. Nayo inshuwalansi imaperekedwa potengera galimoto monga idafotokozedwera polembetsa. Mwini wake akaisintha osawauza, amapatsa kampani poyambira kukana kulipira tsiku la ngozi.

Eni galimoto ali ndi dandaulo lomveka. Pa lita iliyonse ya mafuta pali msonkho wokonzera misewu umene umapita ku Roads Fund Administration, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 pamodzi ndi Roads Authority. Kuyambira 2022 amalipiranso pazipata za pa Kalinyeke m'boma lomweli. Akamalipira kachitatu kugalaja kuti galimoto ithe kufika kumunda, amakhala akulipirira msewu umene giledala idaiwala.

Koma poti giledala siibwera ndi madandaulo a tsiku limodzi, wofuna kukweza galimoto ali ndi poyambira posafuna ndalama. Apakire katundu amene amanyamula masiku onse, aimike galimoto pamalo osalala, ayeze ndi tepi kuchoka pansi kufika pa difu komanso kuchoka pakati pa tayala lililonse kufika pa madigadi. Ngati itapakira yawongoka, leveling kit ilibe chimene ikukonza. Ngati kumbuyo kwagwa, vuto ndi masipuling'i otopa kapena matumba ochuluka. Usiku ayatse nyali moyang'ana khoma aone pomwe kuwala kukugwera. Ngati tayala lalitali likufunikabe, kukwera sitepe imodzi yokha, lopyapyala, la nambala ya katundu yosachepera ya lakale, kumapereka sentimita imodzi kapena awiri popanda kudula thupi la galimoto kapena kupha kilatchi.

Aganizirenso za kalendala. Matope a ku Dedza ndi a miyezi inayi kapena isanu, koma tayala limakhala pagalimoto chaka chonse. Mvula ikasiya mu April, matayala a mano akuluakulu amapitiriza kulira ndi kudya dizilo pa M1, uku akuperepeseka msanga patala potentha. Amene thumba likuwalola atha kukhala ndi matayala awiri akumbuyo a dzinja pa malimu akeake, ofanana msinkhu ndi enawo, n'kumawaveka mvula ikayamba. Akawavula amafunika kusungidwa m'nyumba pamthunzi, kutali ndi dzuwa ndi mafuta, kudikira November.